Wa Makumi Asanu ndi Mmodzi

Ntchito yanga ndi kuwerenga mitu.
Kulima Tawa mpaka Chawama, Chawama mpaka Kulima Tawa,
anayianayi pa mpando, wachisanu ngati ndi woonda.
Chaka chija lamulo linatulukira pa wailesi:
atatu okha, ndipo aliyense atseke pakamwa.
Mwini basi wailesiyo sanaimve.
Madzulo ankatambasula dzanja lomwe lija.

Ndinagula masiki yachitenje pa Kamwala,
yamaluwa ofiira,
ndinkaivala pachibwano ngati ndevu zobwereka.
Chipewa cha wapolisi chikaoneka pa Misisi
ndinkamenya chitseko kawiri,
basi yonse n'kukweza nsalu pamodzi
ngati mpingo woimirira pa nyimbo.
Tikadutsa, mphuno zonse pabwalo.

Bambo wina wajekete, nyuzipepala m'khwapa,
anandiloza chala:
"Mphuno iyi ndinabadwa nayo ku Katete.
Boma silinandigulire.
Ndalipira mpando, nkhope sindinagulitse."
Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka,
poti olemba malamulo ali ndi firiji,
pomwe ife ndiwo zamadzulo
zimakhala zikadali m'thumba mwa wokwera.

Yotamu Njobvu, dalaivala wanga, sankaseka.
Anali ndi shuga, ana anayi,
ndi kabotolo kopaka m'manja
komangirira pagalasi ndi chingwe cha nsapato.
"Iwe, tsegula mawindo."
Koma unali Juni, mphepo yoluma makutu,
ndipo wotukwanidwa ndinali ine.
Iye akayang'ana kutsogolo, ndinkatseka.

Anayamba n'kudandaula kuti tiyi sakumveka kukoma.
Lachinayi anaimika basi pamseu wa Kafue,
nagoneka mutu pachiwongolero.
Kuchipatala tinathera pageti.
Dailesi, mkazi wake, anapatsira nesi foni ndi bulangeti.
Patapita masiku asanu ndi limodzi
foni yokha inabwerako, ili m'pulasitiki.

Ku Chingwere tinapeza mnyamata pachipata,
kope m'manja, milomo ikugwedera kuseri kwa nsalu.
Ntchito imeneyo ndinaizindikira.
Makumi anayi ndi asanu ndi anayi.
Makumi asanu.
Mkono wake unatsika patsogolo panga.
"Akwana."

"Ndine woonda," ndinatero.
Sanaseke.

Ndinaima kunja kwa waya pamodzi ndi angwang'wazi awiri.
Nyimbo inkatipeza yofooka,
ngati yoimbira pansi pa bulangeti.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikumuuza kumbuyo kuli bwino, bwererani,
koma dothi lodzaza dzanja limodzi
lamulo linandimana.
Ndinalitukwana tsiku limenelo, sindibisa,
ndipo mpaka lero sindinalipepese.

Chimene chimandidzutsa usiku n'china.
M'basi ndalama imachoka kumpando wakumbuyo,
dzanja ndi dzanja, phewa ndi phewa,
mpaka ifike kutsogolo,
ndipo palibe amafunsa kuti yadutsa mwa yani.
Mpweya nawo umayenda momwemo.
Kodi unachokera kwa bambo wajekete?
Kwa mayi wa dengu la kapenta?
Kapena kwa ine, amene ndinkaweramira khutu lake
kumuuza kuti pa Joni Hawadi atsika awiri?

Bambo uja sananame, mphuno ndi yake.
Ndimangofuna nditamufunsa
kuti zotulukamo zimakhala za yani.

Lamulo linatha monga linayambira, pa wailesi.
Lendi ya miyezi ija silinandilipirire.
Tabwerera pa anayianayi,
dalaivala watsopano amakonda nyimbo zaphokoso,
masiki yamaluwa ija ndimapukutira galasi.

Koma windo lakuseri kwa dalaivala silitsekeka.
Ndinalimanga ndi chingwe cha nsapato.
Juni akafika okwera amakalipa,
ena amati ali ndi ufulu wofunda, analipira.
Ndimavomera kuti ali nawo.
Ndimavula juzi yanga n'kumupatsa wakhala pamphepoyo,
kenako ndimenya chitseko kawiri,
tizipita.